Nsomba Imene Ndinalonjeza Apongozi

Lolemba

Tchuthi chayamba. Sabata yathunthu osakwera sitima ya ku Manchester, osaona manambala a kuchipatala. Tadala nayenso sukulu atsekera. Kunja ndi chisanu cha Febuluwale, galimoto zonse mumsewu mwathu zayera mbuu.

Ndilembe bwinobwino mmene ndalowera m'nkhaniyi, kuti zikadzavuta pakhale umboni.

Dzulo apongozi ali pa foni m'khitchini ndi achemwali awo a ku Mchinji. Ine ndaima pa masitepe, kudikira kuti adutse. Nyumba za ku Bolton sanamangire mkamwini: masitepe amodzi, bafa limodzi, njira yopatukira palibe. Ndiye ndamva zonse.

"Mkamwini wakunoyu ndi wofatsa, eya. Koma miyezi yonseyi sindinamuonepo akulowa m'nyumba ndi kanthu m'manja. Chilichonse chimabwera pa galimoto ya kushopu. Mwamuna wa Esnart uja ndiye anandibweretsera mbuzi yamoyo pa njinga yamoto."

Mbuzi ija! Esnart ndi mng'ono wake wa mkazi wanga Thoko. Mbuzi ya mwamuna wakeyo ndaimva pa ukwati, ndaimva pa maliro, ndaimva pa Khirisimasi. Inadyedwa kalekale koma ikundithamangitsabe.

Apongozi akunyamuka Lolemba likubwerali. Zimene akanene kumudzi za ine ndi zimene ndidzadziwike nazo mpaka kumanda.

Ndiye pa chakudya chamadzulo, ine amene sindigula ngakhale ketulo ndisanawerenge madandaulo a amene anagula kale, ndinatsegula pakamwa. "Thoko, uwauze amayi kuti Lamulungu, pa chakudya chotsanzikana, adya nsomba yogwira ndekha."

Amayiwo ali pomwepo, tebulo lomwelo. Koma uthenga wa kwa apongozi umadutsa mwa mwana wawo, ndi mmene tinaleredwera.

Thoko: "Inuyo? Nsomba?"

Apongozi: "Auzeni kuti zikomo."

Kuseri kwa fakitale yakale ya thonje kuli dziwe la kalabu ya asodzi. Ndimaona matenti awo ndikakhala pa basi. Nsomba yake amati carp, yaikulu ngati mwana woyamba kuyenda. Imodzi yokha, mbuzi yafa kachiwiri.

Zimene ndagula lero:

- chiphaso cha boma chowedzera (makope awiri, lina ndakutira pulasitiki)
- ndodo, chingwe, mbedza, ukonde, sikelo yoyezera nsomba
- kaalamu kolira nsomba ikakoka
- nyambo: timipira tonunkha nanazi wosakaniza ndi nkhanu. Thoko akuti tizigona panja.
- kamatiresi kogonekapo nsomba (!)
- kabotolo ka mankhwala opaka nsomba pakamwa (!!)

Ndafunsa wogulitsa kuti mankhwalawo ndi a chiyani. Akuti kuti bala la mbedza lipole. Anthu akuno ndi aukhondo, ngakhale ndiwo amayamba aipatsa chithandizo.

Ndondomeko: mawa kulembetsa ku kalabu. Lachitatu ndi Lachinayi kuyeserera. Lachisanu kugwira. Loweruka kugwira ina yoikira padera. Lamulungu ulemu.

Ndauza Tadala m'Chichewa chabwino kuti iyi ndi ntchito ya banja lonse. Wandiyankha m'Chingerezi kuti nsomba nazonso zimamva kupweteka. Watseka chitseko.

Lachiwiri

Zavuta.

Zavuta kwambiri.

Kudziwe kuli kanyumba ka matabwa, ndipo m'kanyumbamo muli a Keith, oyang'anira kalabu. Nkhalamba ya mphuno yofiira, fulasiki m'khwapa. Akuti aliyense wolembetsa amamuwerengera malamulo mokweza. Ndasangalala. Ine ndi malamulo timamvana.

Lamulo loyamba: nsomba iliyonse yogwidwa ibwerere m'madzi yamoyo.

Ndaseka. A Keith sanaseke.

Ndafunsa ngati zikukhudza ngakhale zing'onozing'ono. Eya. Nanga ikafa mwangozi? Andiyang'ana ngati ndapempha kuti ndikazinge galu wawo.

Kenako andionetsa khoma. Zithunzi zokhazokha: amuna akuluakulu, atagwada, atakumbatira nsomba ngati pa ubatizo. Ndipo pafupifupi onsewo nsomba yake ndi imodzi yomweyo! Ili ndi dzina. Brenda. Yaikulu kuposa zonse m'dziwemo, ndipo ili mmenemo kuyambira ine ndisanakwatire. Amaigwira, amaiyeza pa sikelo, amaijambula, amaipaka mankhwala, amaibweza. Wina akadzaigwiranso amayambira pomwepo. Membala wina atamwalira, phulusa lake analiwaza pakona pamene Brenda amakonda kudyera. 

Wotenga nsomba kupita nayo kunyumba: amachotsedwa mu kalabu, amaitanirwa apolisi, chithunzi chake amachimata pa geti.

Apolisi. Ndiye kuti kuntchito amva. Ndiye kuti mapepala athu okhalira kuno. Ndiye kuti tonse tikwera ndege imodzi ndi apongozi, chifukwa cha ndiwo.

Ndasaina. Chifukwa chiyani ndasaina? Anali atanditambasulira kale cholembera, ndipo ine sindidziwa kukana cholembera.

Ndiye kamatiresi kaja. Ndiye mankhwala aja. Zizindikiro zonse zinalipo, ine wophunzira ku koleji osaona.

Ndafika kunyumba ndapeza apongozi akhuthula dilowa yonse yapansi ya filiza. Nyemba, nkhuku, masamba a chinangwa amene tinasunga ngati golide, zonse zili pa moto.

"Auzeni kuti malo ndakonza."

Ndathokoza. Kudzera mwa Thoko.

Lachitatu

Thoko wabwera m'mawa kuchokera ku ntchito yausiku yosamalira okalamba. Ndamudikira kuchipinda, ndatseka chitseko, ndamuuza zonse monong'ona.

Waseka mpaka kukhala pansi, nsapato imodzi ili kuphazi.

"Ndiye nsomba mwaigulira matiresi? Ine chaka chino chonse ndikupempha matiresi!"

Ndati zimenezo tikambirana tsiku lina. Panopa angowauza amayi mwaulemu kuti pachitika kusamvetsetsana.

"Ayi. Lonjezo ndinakunyamulirani. Kukalitenganso mukalitenga nokha."

Ndekha! Mkamwini kuima pamaso pa apongozi nkunena kuti zimene ndinanena zija sizichitika. Kuyambira tsiku la chinkhoswe mawu anga kwa iwo ndi atatu: mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, zikomo. Achinayi ndiwapeza kuti?

Ndapita kudziwe ndekha kukaganiza.

Kuzizira kwake! Ndavala masokosi awiri, mabuluku awiri, jekete ya Thoko mkati mwa yanga. Kumanga mbedza kumafuna zala, ndipo zala zakana. Ndavula golovesi, mbedza yagwera mu udzu. Ndaipeza ndi bondo.

Asodzi ena ali m'matenti mwawo, aliyense payekha, osalankhula, kuyang'ana madzi ngati pa maliro a munthu amene sankamudziwa bwino. Ndapereka moni kwa mmodzi. Wagwedeza chipewa. Kuno ndiye kucheza kumeneko.

Alamu yalira kamodzi. Mtima wanga phaa! Bakha.

A Keith akuti nyengo yozizira carp siidya kwenikweni. Imangogona pansi, kudikira dzuwa. Nsomba yanzeru kuposa ine.

Ndalowa m'nyumba. Apongozi sanandiyang'ane kumaso, monga mwa ulemu. Ayang'ana m'manja.

"Auzeni asadandaule. Nsomba sizisamuka."

Zala zakumapazi ndikuzimva zisanu ndi ziwiri. Zinazo ndawerenga pa foni kuti zimabwerera zokha.

Lachinayi

Nzeru ina: kugula nsomba yathunthu, kudutsa nayo kudziwe, kuiwaza timadzi ndi timatope, kulowa nayo m'nyumba monyadira. Si bodza lenileni. Manja anga aigwira ndithu.

Ku shopu ya anthu a ku Poland akuti carp amabweretsa pa Khirisimasi pokha. Ilipo ya m'botolo, yoduladula, yosambira m'zinthu zonjenjemera. Kodi ndinganene kuti ndawedza botolo?

Kumsika waukulu ndapeza nsomba ina yonenepa bwino, ya m'nyanja yamchere. Apongozi sangasiyanitse, ndikuganiza. Ndaloza. Ndikufunafuna mawu oti aisiye yathunthu, wogulitsa wadula kale mutu. Watumbula. Wachotsa minga. Wasenda khungu. Akundifunsa za nyengo uku akumwetulira, ndipo ine sindidula munthu mawu. Wandipatsa minofu iwiri yoyera m'pepala.

Ndaima pa siteji ya basi kuganiza ngati pali dziwe padziko lapansi lotulutsa nsomba yopanda mutu.

Apongozi atsegula pepalalo, anunkhiza.

"Ya kushopu."

Sanafunse. Angonena, ngati dokotala.

Kenako nkhani ziwiri, zonse kudzera mwa Thoko, amene akusangalala nayo ntchitoyi kuposa mmene ayenera:

Yoyamba, apongozi aitana amayi a kutchalitchi ku chakudya cha Lamulungu. Onse. Mayi Zulu, mnzake wa Thoko wa ku Zambia, andiimbira kale: "Ba tate ba Tadala, tamvela ati kuli nsomba pa Sondo! Tizabwela na bana bonse."

Yachiwiri, Loweruka apongozi apita nawo kudziwe. Akuti sanaonepo mkamwini wawo akugwira ntchito yooneka ndi maso, ndiye asanyamuke osaona.

Ndati kumazizira. Akuti ali ndi jekete. Ndati kuli matope. Akuti anabadwira m'matope. Ndati malamulo a kalabu mwina salola alendo. Tadala, amene sabata yonse sanafune kumva za nsomba, wafufuza pa foni nkuwerenga mokweza kuti alendo ndi ololedwa, ndipo nayenso apita. Akuti izi sangaphonye.

Ndinkafuna ntchito ya banja lonse. Ndaipeza.

Lachisanu

Ndaganiza mofatsa, ngati ku ofesi. Mathero alipo atatu.

Ndikagwira nkutenga: apolisi.

Ndikagwira nkubweza m'madzi apongozi akuona: ku Mchinji akamva kuti mwana wawo anakwatiwa ndi wamisala.

Ndikapanda kugwira: tsoka chabe. Munthu watsoka amamumvera chisoni. Anayesetsa, kunazizira, nsomba zinagona. Dzina silikwera koma silitsikanso.

Choncho cholinga chatsopano: OSAGWIRA KANTHU.

Zonse zimene ndinawerenga Lolemba ndaziwerenganso chobwerera m'mbuyo. Akuti sankhani malo akuya, obisika ku mphepo. Ndisankha osaya, a mphepo. Akuti musachite phokoso. Ndili ndi banja la Chimalawi, pamenepo palibe vuto. Timipira ta nanazi ndiiwalira dala kunyumba. Mbedza ilowa m'madzi yopanda kanthu.

Ndapita kwa a Keith kufunsa malo oipitsitsa padziwe lonse, ati kuti ndiwapewe. Aloza pafupi ndi bango, pamene pamatulukira paipi yakale. Akuti pamenepo ngakhale achule anasamuka. Ndathokoza ndi mtima wonse.

Kunyumba fungo la mafuta. Apongozi akukazinga mandasi a paulendo. Atamaliza atuluka kukhomo lakuseri. Kwee, kwee, kwee. Akunola mpeni pa sitepe ya simenti.

Ndawerenga lamulo la dziko lino lokhudza kuyenda ndi mipeni. Ndikanapanda kuwerenga.

Ine: "Thoko, uwauze amayi kuti kuno mpeni sutuluka panja."

Thoko: "Amayi, akuti mpeni usatuluke panja."

Apongozi: "Auzeni ndiukulunga m'chitenje, sumva chisanu."

Madzulo takumana pa masitepe, iwo akukwera, ine ndikutsika. Mwayi ndi umenewu, ndati mumtima. Ndabwerera chafutambuyo mpaka pamwamba, ndayang'ana pansi, ndakhosomola.

"Amayi."

Adzidzimuka. "Ee, Bambo a Tadala?"

"Madzi otentha alipo."

"Zikomo."

Ambuye, amene munadzaza maukonde a anthu ena, anga mawa muwasiye mmene alili.

Loweruka

 

Tafika kudziwe m'mawa. Apongozi: jekete ziwiri pamwamba pa chitenje, chipewa cha Tadala cha kampira pamwamba, mabuti anga. M'manja ndowa. Mu ndowa mchere, mandimu, mandasi, ndi kamtolo ka chitenje kamene ndikukadziwa bwino.

A Keith ayang'ana ndowa. Ndati ndi mpando wa amayi. Mwa chisomo apongozi akhuthula katundu, aivundikira, akhalapo. Pemphero loyamba layankhidwa.

Malo a paipi ndi oipadi. Mphepo ikulowa m'khutu limodzi nkutulukira linalo. Ndatembenuka, ndaponya mbedza yopanda kanthu mwaukatswiri. Ndakhala pansi. Mtendere! Thoko akuthira tiyi. Apongozi akufotokoza mokweza za mtengo wa feteleza. Nsomba iliyonse ya makutu yathawira tsidya lina.

Patapita nthawi ndakoka chingwe kuti ndioneke wotanganidwa. Kulakwa kunali kumeneko. Tadala wadzutsa mutu pa foni.

Mwana ameneyu ndakhala ndikumupempha kuyambira ali wakhanda kuti alankhule Chichewa. Ndinamugulira mabuku. Ndinamulonjeza njinga. Lero, pamaso pa anthu, momveka bwino, mosalakwitsa ngakhale liwu limodzi:

"Agogo, adadi sanaike nyambo."

Apongozi: "Afunseni, kodi nsomba zakuno zimadya chitsulo?"

Ndati ndaiwala nyambo kunyumba. Apongozi anyema ndasi, apatsa Thoko, Thoko wapatsa ine. Maso asanu ndi limodzi ali pa zala zanga.

Ndaganiza mwachangu. Nsomba ya ku Bolton, yoleredwa ndi nanazi ndi nkhanu, mandasi ingawadziwire kuti? Ndasuzumira m'malamulo a kalabu, ndinali nawo m'thumba. Mandasi sanatchulidwe. Ndakoleka, ndaponya, mtima uli m'malo.

Tiyi sanazizire nkomwe.

Alamu! Osati kulira kwa bakha kuja. Kulira kosalekeza, chingwe chikuthawa, ndodo yapindika ngati uta.

Apa ndinene zoona. Ndaiwala zonse. Apolisi, mapepala, ndondomeko. Chinthu chamoyo, cholemera, chikukoka kuchokera pansi pa madzi, ndipo mbali inayo ndili ine. Ine wa manambala! Mikono ikuwawa, ndikukuwa mawu amene sindikuwadziwa. Thoko akukuwa kuti musaisiye. Tadala akudumpha. Apongozi aimirira pa ndowa, aimba nthungululu. Nthungululu, kuseri kwa fakitale ya thonje! Amuna onse atuluka m'matenti.

A Keith abwera chothamanga, atenga ukonde wanga, aulowetsa pansi. Tainyamula awiri mpaka pa kamatiresi. Yagolide, mimba ngati mtsamiro, mamba ngati makobiri akale.

A Keith avula chipewa.

"Brenda."

Enawo nawonso avula zipewa. Akuti sanaoneke kuyambira masamba asanayoyoke, ena ankaopa kuti anafa.

Ndi pamene nzeru zandibwerera.

Aiika pa sikelo. Apongozi agwedeza mutu mokhutira: "Akuyeza kuti tilipire. Ndi bwino, zinthu zizikhala poyera."

A Keith andiuza kuti nditulutse kabotolo kaja, ndipake pamene panalowa mbedza. Apongozi: "Kuno zokometsera amayambira kukamwa?"

Kenako atembenuza ndowa. Yaima chagada, kukamwa kuli m'mwamba. A Keith aiona. Apongozi ayamba kumasula kamtolo ka chitenje. A Keith akuonanso. Mphuno yawo yofiira ija yayera.

Ine ndagwada pa matope, nsomba ili pa mawondo, kumanja mpeni, kumanzere kalabu yonse.

"Thoko, uwauze amayi kuti..."

Thoko akuyang'ana abakha. Sanayang'anepo abakha ndi chidwi chotere moyo wake wonse.

Kugwada ndinali nditagwada kale, maso anali pansi kale. Ndangotsegula pakamwa.

"Amayi, nsombayi siidyedwa. Ibwerera m'madzi."

"Yadwala?"

"Ayi, amayi."

"Ndi ya mizimu?"

"Ndi ya kalabu. Ili ndi dzina."

"Nanga ife tadzatani kuno?"

"Kudzaijambula, amayi."

 

Tadala wajambula. Ndainyamula, ndalowa nayo m'madzi mpaka m'mawondo monga anandiuzira a Keith, ndaigwira pansi pa mimba mpaka yapeza mphamvu. Yagwedeza mchira kamodzi, yandithira madzi kumaso, yapita osacheuka.

A Keith andisisita paphewa, misozi m'maso. Akuti ndine msodzi weniweni. Enawo andigwira chanza mmodzimmodzi. Ku England kuno sindinalemekezedwepo chonchi.

Apongozi akulunganso mpeni wawo mosafulumira.

"Afunseni ngati tisiye mandasi otsalawa. Mwina mnzawoyo sanakhute."

Takwera galimoto kubwerera kunyumba. Ndowa yokha ikugubuduka m'buti pa kona iliyonse.

Chithunzi ndachiona. Ine maso otseka, kukamwa yasa. Brenda akuoneka bwino kwambiri. Kumbuyo kwathu apongozi, chipewa cha kampira, mpeni m'manja. A Keith akuchifuna cha pakhoma. Ndiyenera kudula mbali imeneyo chisanafike kwa wina aliyense wovala yunifolomu.

Lamulungu

Chimfine. Mawu atha.

Amayi a kutchalitchi abwera onse, Mayi Zulu ndi ana awo onse monga analonjezera. Anthu ena amasunga malonjezo. Ndiwo: nkhuku ya kushopu, ndi minofu iwiri ya Lachinayi ija, yoduladula tizidutswa ngati mgonero.

Palibe wadandaula, chifukwa apongozi awapatsa china chokoma kuposa nsomba. Nkhaniyo aifotokoza katatu. Agwada pa kapeti kusonyeza mmene ndinagwadira. Atenga mtsamiro, aupaka mankhwala, auperekeza mpaka kukhomo. Mayi Zulu anachita kutuluka panja kukapuma mpweya.

Ine ndimatsuka mbale. Zinali zambiri, ndipo ndinazitsuka kawiri.

Alendo atapita, ndili pa masitepe paja, ndamva akujambula mawu opita ku gulu la pa foni la kubanja.

"Zimene ndinanena zija ndabweza. Mkamwini wakuno kanthu wagwira, ndaona ndi maso angawa. Chinsomba! Mbuzi ya mwamuna wa Esnart ingalowe m'mimba mwake."

 Mbuzi yagonja! Zaka zonsezi!

"Kenako wachipaka mankhwala nkuchiperekeza kwawo. Mbuzi ija ife tinadya. Koma musamuseke, ndi munthu wachikondi. Amachisamala ngati mwana wake. Muziwapempherera Bambo a Brenda."

Foni yanga sinapume kuchokera pamenepo. Achemwali awo a apongozi akufunsa ngati mwanayo wayamba sukulu. Esnart watumiza nkhope zoseka mzere wathunthu. Mwamuna wake, mwaulemu wonse: "Moni kwa onse kunyumba, Bambo a Brenda, osaiwala wam'madziyo."

Dzina la Bambo a Tadala ndinalilandira ku chipatala, nditanyamula khanda, ndikulira. Latha ndi ndasi limodzi.

Masutikesi ali pakhomo. Ndege ndi mawa m'mawa. Ndayeza katundu pa sikelo ya nsomba, ndiye kuti yagwirako ntchito. Kamatiresi Thoko waika pa mpando wake wa m'khitchini, akuti nako ndi poyambira.

Dilowa yapansi ya filiza yadzazanso. Mandasi okhaokha, m'timapepala. Pamenepa apongozi sanadutse mwa Thoko. Andipeza m'khitchini, ayang'ana pambali, anena okha:

"Muzikamuona mwanayo. Dziko lozizira lino."

Ndati zikomo, amayi.

Tadala wagogoda pa chitseko posachedwapa. Chichewa chachiwiri m'sabata imodzi.

"Adadi, ndiye kuti Brenda ndi mchemwali wanga?"

Ndawerengera zaka. Ndamuuza kuti ee, ndipo ndi aakulu kwa iye, aziti a Brenda.